Funsani Akochi: Msinkhu wokha ungandifikitse ku NBA?

Mwezi uno makalata ofunsa za basketball aposa a mpira wamiyendo, zimene sizinachitikepo chiyambireni tsamba lino. Ndikuganiza kuti ndi mafoniwa. Anyamata akumachezera kuonera tizidutswa ta masewero a NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, kukacha aliyense ndi LeBron James. Ndasankhapo makalata 6. Ndikulemba ndili pakhonde kuno ku Mulanje, chiperoni chaphimba phiri lonse mpaka Chambe sakuoneka, ndipo bondo langa lakumanzere layamba kale kung'ung'udza monga limachitira nyengo ikatere. Za bondoli mumva kutsogoloku.

FUNSO: Akochi, ndili ndi zaka 17, ndili Fomu 3 pasukulu ina yoyendera kufupi ndi Chitakale. Ndine wamtali mamita 1.96 ndipo ndikukulabe. Pakhomo la kalasi ndimachita kuwerama, anzanga amangonditcha Sapitwa. Basketball ndinayamba chaka chatha ndipo pabwalo lathu palibe amene amandiletsa kudanka, kudumpha n'kulowetsa mpira mu ring'i ndi dzanja. Sukulu sikundiyendera, makamaka masamu. Ndikufuna ndiisiye, ndipite kwa malume ku Lilongwe ndikalowe timu yaikulu, kenako ndione zakunja. Paja Siakam ndi Embiid anayambanso mochedwa ngati ine ndemwe. Mundiuze chilungamo. — Mnyamata wamtali, Chitakale

YANKHO: Mphwanga, chilungamo wachipempha wekha, ndiye usadzandide.

Tisanapite patali, kadule nsungwi yowongoka, ubwereke tepi kwa amisiri, uiyeze ikwane mamita 3.05 ndendende, ukaiimike pansi pa ring'i ya pabwalo lanulo. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Chaka china mvula itagwa kwambiri, anyamata anga onse anasanduka odanka, ngakhale kamnyamata kena kondilekeza m'khwapa. Ndinadabwa kuti akudya chiyani. Nditaimika nsungwi ndinapeza kuti chitsulo chonyamula ring'i chalowa pansi n'kupendekera kutsogolo, moti ring'iyo inatsika ndi chikhatho chathunthu. Tinakumba, tinathira miyala ndi simenti, n'kuimikanso. Lolemba lotsatira wodanka anatsala mmodzi, nayenso mwa apo ndi apo. Ring'i zambiri za m'masukulu mwathu muno anawotcherera ndi amisiri a pamsika amene sanauzidwe muyezo. Usanadzitche Siakam, yamba wayeza.

Kuti anthu amenewa anayamba mochedwa n'zoona. Joel Embiid ankasewera volleyball kwawo ku Yaoundé, basketball anaigwira ali ndi zaka 15. Pascal Siakam bambo ake ankafuna adzakhale wansembe ndipo anamutumiza ku seminale, moti mpirawu anauikira mtima ali msinkhu wakowu. Hakeem Olajuwon anali goloboyi wa mpira wamiyendo ku Lagos. Ameneyu ife tinamuonera pa tepi ya vidiyo imene mphunzitsi wina anabwera nayo, paja Malawi inalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Tinaibwereza tepiyo mpaka chithunzi chinayamba kugwa mizere ngati mvula, kufuna kumvetsa mmene chimunthu chachikulu chotero chimazungulira pa phazi limodzi ngati wovina.

Vuto ndi lakuti nkhani zimenezi anthu amazidula pakati. Amakuuza poyambira ndi pothera, njira n'kuisiya. Tayang'ana njirayo. Olajuwon anadzera ku University of Houston asanasankhidwe kukhala nambala 1 pa mwambo wosankha osewera atsopano a NBA mu 1984, chaka chimene Michael Jordan anali nambala 3. Embiid anamuona pa kampu ya Luc Mbah a Moute, mnzake wa ku Cameroon amene anali kale mu NBA, n'kupita ku sekondale ku Florida, kenako ku University of Kansas. Siakam anadzera kampu yomweyo, kenako kampu ya Basketball Without Borders, sekondale ku Texas, yunivesite ya New Mexico State, mpaka Toronto Raptors inamutenga pa nambala 27 mu 2016. Dikembe Mutombo ananyamuka ku Kinshasa kupita ku yunivesite ya Georgetown ndi maganizo okakhala dokotala, kochi wa timu ya kumeneko anachita kumupeza ali kale m'kalasi. Ngakhale Khaman Maluach, mwana wa ku South Sudan amene anakulira ku Uganda ndipo anasankhidwa pa nambala 10 mu 2025, anadzera ku NBA Academy Africa ku Saly m'dziko la Senegal, komwe ana amalowa m'kalasi kuwonjezera pa bwalo, kenako ku Duke. Khomo limene onsewa analowera ndi lomwe lija iwe umawerama polowa. Yunivesite ya ku America siipereka sikolashipu poona msinkhu wokha, imafuna mapepala a sekondale, magiredi ndi Chingerezi. Ndiye iwe ukufuna kulitseka ndi manja ako, n'kuyamba kufunafuna zenera.

Ndikudziwa undiuza za Giannis Antetokounmpo, amene ankagulitsa timalonda m'misewu ndipo sanapondeko ku yunivesite. Eya, koma misewu yakeyo inali ya ku Athens, m'dziko la maligi olipira, komwe anthu ofufuza osewera amafika pabwalo ndi galimoto. Pa Chitakale ndani adzaime kuti akuone?

Tiwerengeko pang'ono, ngakhale masamu sukuwafuna. NBA ili ndi matimu 30, timu iliyonse malo okhazikika 15. Amenewo ndi anthu 450, dziko lonse lapansi. Mwina ana a pasukulu panu pokha akuposa pamenepo. Chaka chilichonse pa mwambo wosankha osewera atsopano, umene amautcha draft, amaitana mayina osaposa 60 basi, ndipo ena mwa oitanidwawo sakhalitsa n'komwe. Komanso mamita 1.96 kumeneko si Sapitwa ayi, ndi kachulu. Jordan anali 1.98 ndipo ankasewera kunja, malo a anthu othamanga. Pa msinkhu wakowu sadzakuimika pansi pa ring'i kuti uzingodanka. Adzafuna uzinjanjitsa mpira ndi manja onse awiri osauyang'ana, uzimwetsa uli kunja kwa mzere wa mapointi 3, umene pa malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa mpirawu padziko lonse, uli mamita 6.75, uzitchinga munthu wothamanga kukuposa, ndipo zonsezi timu ili ndi masekondi 24 okha kuti iponye.

Sindikukuletsa kulota. Njira yapafupi ilipo, ndipo yatseguka kuposa nthawi yathu. Kuno kummwera kuli ligi ya Sozobal, pamwamba pake pali bungwe la BASMAL loyendetsa basketball m'Malawi muno. Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikulowa mipikisano yosankhira matimu opita ku BAL, ligi ya Africa imene NBA ndi FIBA anayambitsa mu 2021 ku Kigali ndi matimu 12. Anansi athu a ku Mozambique, Ferroviário de Maputo ndi Ferroviário da Beira, aseweramo kale, ndipo Petro de Luanda ya ku Angola inatenga chikhocho mu 2024. Koma osewera a m'maligi athu amene ine ndikuwadziwa ndi ana a m'makoleji, asilikali ndi anthu apantchito. Mpira amausewera madzulo ndi Loweruka, nsima imachokera kwina. Ukapita ku Lilongwe wopanda MSCE, udzakhala wosewera yekhayo m'timu amene alibe ya minibasi yopitira ku maphunziro a timu, ndipo malumewo sadzachedwa kutopa nawe.

Chita izi. Khala pasukulu. M'mawa uliwonse usanalowe m'kalasi, njanjitsa mpira ndi dzanja lako lofooka mpaka lipweteke, kenako uponye ka 100 uli pa mzere wa mafaulo, uzilemba m'kope kuti yalowa ingati. Kamodzi pamwezi sunga ya thiransipoti, ukwere ya Midima, ukasewere pa Blantyre Youth Centre ndi azibambo amene adzakugwetse n'kukuseka. Kumeneko ndiko ukadziwe msinkhu wako weniweni. Masamuwo ubwere nawo kwa ine Lachitatu madzulo, paja ndi amene ndakhala ndikuphunzitsa moyo wanga wonse.

FUNSO: Akochi, ine ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa tomato ndi kabichi pa Bvumbwe. Mwana wanga wazaka 16 wakhala akulemberana pa Facebook ndi bambo wina amene akuti ndi ejenti wa osewera. Akuti waona vidiyo yake ndipo amupezera malo ku kampu ku Ulaya, koma titumize K850,000 ya fomu ndi viza sabata ziwiri zisanathe, apo ayi malowo apatsa wina. Ndili ndi kamunda ka nthochi kamene anandisiyira malemu amayi. Mwana sakudya, akuti ndikumutsekera tsogolo. Ndigulitse? — Mayi wodandaula, Bvumbwe

YANKHO: Mayi, munda musagulitse. Ndalama musatumize, ngakhale ya mayunitsi.

Ndikufotokozereni mmene ejenti weniweni amadyera. Iye amapezera wosewera timu, kontirakiti ikasainidwa ndi pamene amalandira gawo lake. Ku NBA gawolo silidutsa 4 pa 100 iliyonse ya malipiro a wosewera. Ndiye kuti ejenti woona amayamba waluza zake, kuyembekeza kudzakolola mwana akapeza ntchito. Amene akuyamba n'kutambasula dzanja kwa mayi wogulitsa tomato, malonda ake si basketball, malonda ake ndinu.

Chachiwiri, FIBA, bungwe loyendetsa mpirawu padziko lonse, imapereka ziphaso kwa maejenti ndipo mayina awo ali poyera pa intaneti. Malamulo ake salolanso kusamutsa chisawawa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina. Wanuyo ali ndi 16. Makampu odziwika ngati Basketball Without Borders, amene kuno ku Africa anayambira ku Johannesburg mu 2003, amachita kuitana ana amene makochi awaona akusewera. Malo ake sagulidwa pa foni. Viza nayo mwini wake amakaonekera yekha, kudinda zala, kulipira pa ofesi n'kulandira lisiti.

Taonaninso kufulumizako. Sabata ziwiri, apo ayi apatsa wina. Wakuba amadana ndi nthawi, chifukwa nthawi imapatsa munthu mpata wofunsa. Ndipo kavidiyo ka mphindi imodzi, kongoonetsa mipira yolowa yokhayokha, palibe kochi wanzeru amene angatengere mwana pa iko. Amafuna masewero athunthu, aone mwana akatopa, akaluza mpira, akamukalipira oyimbira.

Mumuyankhe motere bamboyo: atchule dzina la timu, atumize kalata kudzera ku BASMAL, ndipo alankhule ndi ahedi a pasukulu ya mwanayo. Mudzaona foni ikuzima yokha. Akayamba kunena zoti muchepetseko zaka za mwana pa mapepala, dziwani kuti mwafika pa phanga la fisi. Ndipo kutaya ndalama n'kochepa. Choopsa ndi mwana kukasiyidwa m'dziko la eni, pasipoti atamulanda, chinenero sakuchidziwa.

Komanso, Mayi, inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti kwathu kuno munda wa amayi ndi wa mbumba. Musasenze nokha nkhaniyi. Itanani alongo anu, amalume ake a mwanayo, mukhale pansi onse atatu, mumuwerengere yankholi. Akwiya, mwina sabata yathunthu. Musamuseke, chifukwa chimene chamugwira si uchitsiru, ndi njala yofuna kuonedwa. Mukafuna kumuthandiza, mugulireni nsapato zabwino za pakaunjika ndi mpira wa saizi 7, zimenezo sizifuna kugulitsa munda.

FUNSO: Akochi, tithetsereni mkangano pa siteji pano. Mnzanga akuti Mtanzania uja Thabeet anali zii, anangotchuka n'kutalika. Ine ndikuti munthu wofika ku NBA sangakhale zii. Wogonja agula chipisi. — Wakabaza, Luchenza

YANKHO: Achimwene, nonse awiri mwagwira nyama imodzi, wina mutu wina mchira.

Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam, wamtali mamita 2.21, anali Mtanzania woyamba kusewera mu NBA. Ku University of Connecticut ankamenya mipira ya anzake ngati akuthamangitsa ntchentche. Mu 2009 Memphis Grizzlies inamutenga pa nambala 2. Tsoka lake lagona pa amene anabwera pambuyo pake: nambala 3 anali James Harden, nambala 7 Stephen Curry. Awiriwa anadzakhala ena mwa osewera otchuka zedi a m'badwo uno, pomwe Thabeet chaka choyamba chomwecho anatsitsidwa ku ligi yaing'ono kuti akaphunzire. Anazungulira Houston, Portland ndi Oklahoma City, nthawi yambiri ali pa benchi, ndipo pofika 2014 za NBA zinali zitatha. Kenako anakasewera ku Japan ndi ku Taiwan. Mukamuyeza ndi nambala 2 ija, mnzanuyo sakunama, sanabweze zimene timu inayembekeza. Kutchinga ankatha, koma mpira ukafika m'manja mwake analibe nawo nzeru zambiri, ndipo nthawi yomweyo masewero anali kusintha, kufuna ataliatali othamanga ndi oponyera patali.

Koma zii? Munthu anachoka ku Dar es Salaam, anaphunzira ku yunivesite, anakhala zaka 5 pakati pa anthu 450 aja, m'ligi imene masiku ano ngakhale wolandira zochepetsetsa amaposa madola 1 miliyoni pachaka, n'kupitiriza kudyera mpira m'mayiko ena. Kuchokera kuno kwathu palibe amene anafikapo pamenepo. Chipisi agule mnzanuyo, koma inu muonjezere ya saladi.

FUNSO: Ankolo, ndili Fomu 2, ndimasewera mpira wamanja ngati womwetsa zigoli ndipo aphunzitsi amati ndili ndi tsogolo. Koma mtima wanga uli pa basketball. Anyamata samatipatsa bwalo, amati ife tizipita ku ntchemberembaye. Agogo nawo akuti mtsikana wothamangitsana ndi anyamata sadzakwatiwa. Ndisankhe chiti? — Mtsikana wa ku Limbuli

YANKHO: Mwana wanga, akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa msinkhu wakowu sindikugwirizana nawo. Sewera zonse ziwiri mpaka Fomu 4. Mpira wamanja ukuphunzitsa mapazi, kupatsira msanga ndi kuponya wina atakuimirira pamphuno, ndipo ring'i yake ndi yokwera chimodzimodzi, mamita 3.05, yopandanso thabwa kumbuyo. Atsikana abwino kwambiri amene ndinawaphunzitsapo basketball anachokera kumeneko. Chimene chimawavuta ndi kuiwala malire. Ku mpira wamanja muli 7, aliyense ali ndi dera lake, oponya ndi awiri okha, ndipo ukagwira mpira umaima. Ku basketball muli 5, bwalo lonse ndi lako, aliyense amamwetsa, aliyense amatchinga. Mwezi woyamba mtsikana amagwira mpira n'kuuma ngati chitsa, njira ili pululu kutsogolo kwake, ine ndikukuwa kuti thamanga.

Ukandifunsa za njira yodyera, ndikuuza mosabisa kuti kwa mtsikana wa ku Malawi ya mpira wamanja ndi yolambulidwa kale. Dziko likuwadziwa ma Queens. Mwai Kumwenda anachoka ku Mzimba, anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, n'kutenga chikho cha ligi ya ku Australia ndi Melbourne Vixens mu 2020. Joyce Mvula anasewera ku Manchester Thunder. Makochi akunja akamva kuti womwetsa ndi Mmalawi, amatchera khutu.

Ya basketball ndi yamatope, koma usamve za anyamatawo zoti si ya akazi. Iwe uli pa Limbuli, Muloza ndi apo. Kutsidya kwa malirewo kuli dziko limene akazi ake amaopedwa pa mpirawu mu Africa muno. Clarisse Machanguana wa ku Mozambique anaphunzira ku Old Dominion ku America n'kusewera mu WNBA, ligi ya akazi imene inayamba mu 1997. Mwadi Mabika wa ku Kinshasa anatenga zikho ziwiri ndi Los Angeles Sparks, mu 2001 ndi 2002. Ndipo pa ma Olympics a ku Paris mu 2024, timu yoyamba ya basketball yochokera ku Africa kufika mu ndime ya matimu 8 omaliza sinali ya amuna ayi, inali ya akazi a ku Nigeria. Ukawauze zimenezo.

Za bwalo, usamenyane nawo. Sonkhanitsa atsikana 10, mupite kwa aphunzitsi a zamasewero, mupemphe masiku awiri pa sabata, alembedwe pa bolodi. Mpira wanu ndi wa saizi 6. Agogo usawayankhe mwano. Tsiku lina uwatenge akakhale pamthunzi aone okha. Ndinaonapo agogo ena amene anabwera kudzatenga mdzukulu ndi kamtengo m'manja, n'kuthera kululutira mpaka mpango kugwa.

FUNSO: Akochi, ine ndine wamfupi, 1.64. Ndingoiwala? — Mnyamata wa pa Nkando

YANKHO: Muggsy Bogues anali 1.60 ndipo anasewera mu NBA zaka 14. Nthawi ina anali timu imodzi ku Washington ndi Manute Bol wa mamita 2.31, ukafune chithunzi chawo useke. Koma usanamizidwe, Bogues amatchulidwabe mpaka lero chifukwa analipo mmodzi. Wamfupi amakhululukidwa zochepa: asamaluze mpira, athamange kuposa onse, aone bwalo ngati khwangwala ali m'mwamba. Pa ligi yathu ukhoza kusewera bwinobwino. Ndipo makochi ndi oyimbira abwino ambiri amene ndawaona anali afupiafupi, chifukwa anakakamizika kuuganizira mpirawu pomwe ife ataliatali tinkangotambasula manja.

FUNSO: Bambo mphunzitsi, ine ndagwira ntchito ya tiyi zaka 31, panopa ndine kapitawo. Mwana wanga ali ku koleji ku Blantyre ndipo akusewera m'timu. Wayamba kundiuza kuti basketball ndi ntchito ngati ina iliyonse. Ine ntchito ndimaidziwa ndi mapeto ake. Iyiyi imatha liti, nanga ikatha munthu amadya chiyani? — Bambo wa ku Thyolo

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi limene anyamata onse aja samafunsa.

Inu mukudziwa kuti pa esiteti pali tiyi amene anabzalidwa inu musanabadwe koma akuthyoledwabe mpaka lero. Wosewera si tsinde limenelo. Iye ndi timasamba tiwiri ndi kansonga tija: amafunidwa akadali wanthete, akakhwima dengu limamudutsa. Ku NBA salowa asanafike chaka chokwanitsa zaka 19. Mphamvu zenizeni zimakhala cha m'ma 25 mpaka 30, ndipo akamadutsa 35 ambiri amakhala atapachika nsapato. Mudzamva za Vince Carter amene anasewera zaka 22, kapena LeBron James amene anadutsa zaka 40 akadali m'bwalo, koma amenewo amatchulidwa chifukwa ndi osowa.

Ntchito yakenso si yofewa ngati mmene imaonekera pa foni. Timu iliyonse imasewera masewero 82 kuyambira October mpaka April, lero mzinda uno mawa wina, asanayambe ndime yolimbirana chikho. Munthu akhoza kugulitsidwa osafunsidwa. Siakam yemwe uja, amene anathandiza Toronto kutenga chikho mu 2019, mu January 2024 anasamutsidwira ku Indiana. Ndipo bambo ake atamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2014, iye ali ku yunivesite, sanathe kubwera kudzaika maliro chifukwa cha nkhani za viza. Inu ndi ine tikudziwa kulemera kwa chinthu chimenecho. Kunja kwa NBA, m'maligi a ku Ulaya, Asia ndi Africa, ambiri amasaina chaka chimodzichimodzi, chikatha ayambenso kufuna. NBA ili ndi penshoni kwa amene akwanitsa zaka 3. Kwathu kuno musayembekeze zimenezo.

Kenako pali thupi. Greg Oden anali nambala 1 mu 2007, maondo anamukana, moyo wake wonse mu NBA anasewera masewero 105 okha. Derrick Rose anali wosewera wopambana onse mu 2011 ali ndi zaka 22, chaka chotsatira mtsempha wa m'bondo unaduka, sanabwererenso pomwe anali. Embiid anasankhidwa mu 2014 koma zaka ziwiri zoyamba sanaponde m'bwalo chifukwa cha kafupa ka m'phazi, ngakhale iye anachita mwayi n'kudzakhala wopambana onse mu 2023. Awa ndi anthu okhala ndi madokotala a timu, osewera pa matabwa osalala. Ife timasewera pa simenti.

Langali linathyokera pa simenti. Ndinali ndi zaka 23, ndili ku koleji ya zauphunzitsi, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kuderera choko. Tinali ndi masewero tsiku la chiperoni ngati lero. Bwalo linali ndi mng'alu umene tonse tinkaudziwa, momera kaudzu, ndipo nsapato zanga pansi zinali zitatha, zosalala ngati sopo. Ndinadumphira mpira wobwerera pa thabwa, ndinaugwira bwinobwino, koma potera phazi linalowa mu mng'alu muja thupi likupotolokera kwina. Ndinamva kuti thapu, ngati wina wathyola chinangwa chachiwisi. Ndinayang'ana kumbuyo kuti ndione amene wandimenya, panalibe munthu. Pofika usiku bondo linali ngati dzungu. Anandimanga bandeji, kundipatsa mapiritsi opha ululu, ndipo patatha sabata zitatu ndinabwerera m'bwalo chifukwa timu inkandifuna. Uko ndiko kunali kulakwa kwenikweni. Linagwedezekanso kachiwiri, ndipo basi. Lero ndikamakwera ku Likhubula ndi ana asukulu, ndimatsalira kumbuyo ndi ndodo, anyamata onyamula katundu aja akundidutsa akuimba mluzu. Chimene chandidyetsa zaka zonsezi ndi satifiketi ija ndinkaiderera.

Ikatha amadya chiyani? Amene ndimawasirira ndi amene anali ndi china m'manja. Mutombo anamaliza digiri yake ku Georgetown, ndipo asanasiye n'komwe mpira anamanga chipatala ku Kinshasa m'dzina la mayi ake, Biamba Marie, chimene chinatsegulidwa mu 2007. Anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 58, chipatalacho chilipo. Luol Deng atapuma anakatsogolera bungwe la basketball kwawo ku South Sudan, ndipo timu ya dziko latsopanolo inafika ku ma Olympics a 2024, itangotsala pang'ono kugonjetsa America pa masewero opimana mphamvu ku London, 101 kwa 100. Masai Ujiri, amene anakulira ku Nigeria, sanafike patali ngati wosewera, koma anayamba ntchito yofufuza osewera mpaka anadzakhala mkulu wa timu ya Toronto chaka chimene inatenga chikho. Pa wosewera mmodzi amene mumamuona pa kanema pali makochi, madokotala olimbitsa mafupa, oyimbira ndi olemba mabuku a timu, ndipo amenewo tsitsi limachita kuyera ali pantchito.

Ndiye mwana wanuyo musamuletse. Ali ku koleji, akusewera, ndi pomwe ine ndikanafuna mnyamata wa ku Chitakale uja atafika. Mungomuuza kuti mukufuna muziona zotsatira za mayeso teremu iliyonse, ndipo akavulala bondo kapena kakolo apite kuchipatala akamujambule, asabwerere m'bwalo chifukwa kochi wamunyengerera. Akabwera ku holide, mumupemphe nsapato zake zosewerera, muzitembenuze, mupititse chala pansi pake. Mukapeza posalala, mugulireni zina ngakhale zitatengera kukongola kwa anzanu a kuntchito.